Shirley Temple wanu akutha gasi msanga kapena akutsekemera mopitirira? Nazi zimene zikulakwika

Dandaulo la anthu amene ayesa kukonza chakumwa chopanda mowa chotchedwa Shirley Temple kunyumba limakhala lofanana nthawi zambiri. Pothira amaoneka bwino, kufiira pansi, tithovu tikukwera. Pofika patebulo wasanduka madzi a shuga ofiira. Gasi watha, ayisi wasungunuka, mwana wamwa kawiri n'kuikankhira uko tambulayo. Wokonza amayamba kuganiza kuti anagula grenadine wolakwika (manyuchi ofiira amene amapatsa chakumwachi mtundu wake), kapena kuti a m'mahotela ali ndi chinsinsi chimene sauza anthu. Chinsinsi palibe. Chakumwachi chili ndi zinthu zinayi zokha kupatula ayisi, ndipo zolakwika zake zimachokera ku kufunda kwa zinthuzo, ku kathiridwe, kapena ku kuchuluka kwa shuga.

Chakumwachi n'cha ku America. Chinatchuka m'zaka za m'ma 1930 m'malesitilanti a ku Hollywood, ndipo dzina lake ndi la Shirley Temple, kamtsikana kobadwa mu 1928 kamene kanali katswiri wa mafilimu pa nthawiyo. Malo angapo amati ndiwo anachiyambitsa, kuphatikizapo Chasen's ndi Brown Derby ku California komanso hotela ya Royal Hawaiian ku Honolulu. Cholinga chinali chakuti mwana wokhala patebulo limodzi ndi akuluakulu amene akumwa mowa naye akhale ndi tambula yooneka bwino, koma yopanda mowa. Mtsikanayo atakula anadzakhala kazembe wa America ku Ghana kuyambira 1974 mpaka 1976, ndipo anamwalira mu 2014.

Tisanafike pa zolakwika, tigwirizane muyezo, chifukwa n'zovuta kukonza chinthu chimene lero mwathira chonchi mawa mwathira mwina. Pa tambula yaitali ya mamililita pafupifupi 300 pamafunika ayisi wodzaza tambulayo, supuni yaikulu imodzi ya grenadine, imene ndi mamililita 15, masupuni ang'onoang'ono awiri a madzi a mandimu, ginger ale (chakumwa cha gasi cha jinja) wokwana mamililita 150 mpaka 180, ndi tcheri imodzi (kachipatso kofiira) pamwamba. Ena amagwiritsa ntchito Sprite kapena 7Up m'malo mwa ginger ale, ena amasakaniza zonse ziwiri. Mukathira Coca-Cola m'malo mwake ndiye kuti mwapanga chakumwa china, dzina lake Roy Rogers.

Gasi akutha musanamwe n'komwe

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo nthawi zambiri limayamba botolo lisanatsegulidwe.

Tithovu timene mumaona mu chakumwa choziziritsa kukhosi ndi mpweya wa carbon dioxide umene a kufakitale anaupanikizira m'madzimo. Mpweyawu umakhazikika m'madzi ozizira, m'madzi ofunda umathawa. Madzi amene ali pa 0°C amasunga mpweyawu wochuluka pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi amene ali pa 20°C. Ndiye taganizirani botolo limene latsika mu minibasi mwezi wa October, lakhala padzuwa pakhonde, kenako latsegulidwa. Mkokomo uja mumamva potsegula ndi gasi amene akanayenera kukhala m'tambula yanu. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene nyengo imeneyi kumatentha kupitirira 40°C, botolo lotere limaphwa mukuliyang'ana.

Anthu ambiri amadalira ayisi kuti aziziritse chakumwa chofunda. Apa mpamene zinthu zimasokonekera kawiri nthawi imodzi. Chakumwa chofunda chikagunda ayisi chimatutuma thovu, gasi n'kuthawa, komanso chimasungunula ayisiyo pompopompo, madzi ake n'kusukulutsa chakumwacho. Ntchito ya ayisi ndi kusunga kuzizira kumene kulipo kale. Choncho mabotolo alowe mufiriji dzulo lake, kapena maola anayi nthawi yomwera isanakwane, ndipo muwaike mkati chakumbuyo, osati pachitseko pamene pamafunda nthawi iliyonse wina akatsegula. Grenadine ndi mandimu nazo zizizire. Matambula nawonso, ngati malo alipo.

Mukachedwa, musathamangire kufiriza. Tengani ndowa, thiranimo ayisi ndi madzi, onjezerani mchere wodzaza dzanja, n'kumiza mabotolo mpaka m'khosi. Pa mphindi 20 mpaka 30 amakhala atazizira kuposa mmene akanazizirira mufiriza pa nthawi yomweyo, chifukwa madzi amachotsa kutentha msanga kuposa mpweya. Firiza ili ndi vuto linanso. Mukaiwala botolo lagalasi limaphulika, ndipo ngakhale lapulasitiki likaundana n'kusungunuka limakhala litataya gasi wambiri. Kumene kulibe magetsi, kulungani botolo ndi nsalu yonyowa n'kuliika pamthunzi podutsa mphepo, kapena liviikeni mumtsuko wa madzi kuyambira m'mawa. Silizizira ngati la mufiriji koma kusiyana kwake mukumva.

Chachiwiri ndi kukula kwa botolo. Botolo la malita awiri limaoneka lotchipa, koma nthawi iliyonse mukatsegula gasi amatuluka, ndipo malo opanda kanthu amene atsala pamwamba amakoka gasi wina kuchokera m'chakumwacho. Likafika theka, limaphwa msanga kuposa pamene linali lodzaza. Ngati mukukonzera anthu awiri kapena atatu, gulani mabotolo ang'onoang'ono agalasi kapena zitini. Botolo lalikulu n'loyenera pokhapokha ngati litha lonse pa mphindi zochepa. Dziwaninso kuti pulasitiki imatulutsa gasi pang'onopang'ono ngakhale botolo lisanatsegulidwe, choncho yang'anani deti, ndipo finyani botololo musitolo momwemo. Lolimba gwa ndiye labwino. Lofewa lisiyeni.

Pali njira ziwiri zimene anthu amauzana koma sizithandiza. Kuika supuni pakamwa pa botolo lotsegula sikusunga gasi. Kufinya botolo lapulasitiki musanatseke kumaipitsa zinthu, chifukwa botololo likamabwerera mwakale limakoka gasi kuchokera m'chakumwa kuti adzaze malowo. Tsekani mwamphamvu mukangothira, bwezerani mufiriji, basi.

Chachitatu ndi tambula ndi ayisi. Gasi sangotuluka paliponse, amafuna pogwira. Kafumbi, kaulusi kotsalira pa nsalu yopukutira mbale, mikwingwirima ya mkati mwa kapu yakale yapulasitiki, tonseti ndi timalo timene thovu limayambira. Mukaona tithovu tatikulu titamatirira m'mbali mwa tambula, dziwani kuti tambulayo ili ndi fumbi, mafuta kapena sopo wotsalira. Itsukeni bwino, itsukuluzeni ndi madzi oyera ozizira, n'kuisiya iume yokha chozondoka osapukuta. Ayisi wongotuluka kumene mufiriza amakhala wouma ndi wokhakhala kunja, ndipo ndi amene amachititsa thovu kusefukira mpaka patebulo. Muthireni madzi oyera ozizira kamodzi, kuthirani madziwo, kenako muikeni m'tambula. Ayisi wophwanyaphwanya ndiye woipitsitsa pa chakumwachi. Shuga wa mchenga nayenso musamuthire m'chakumwa cha gasi. Kambewu kalikonse ka shuga kamatulutsa thovu lake, ndipo pomwe shugayo akusungunuka gasi amakhala atatha. N'chifukwa chake zotsekemeretsa zonse ziyenera kulowa zili manyuchi.

Chotsala ndi dzanja lanu. Pendeketsani tambula, ikani kamwa la botolo pafupi, thirani pang'onopang'ono kuti chakumwa chitsetsereke m'mbali mwa tambula m'malo mogwera pa ayisi kuchokera m'mwamba. Potakasa, lowetsani supuni yaitali mpaka pansi n'kuikweza kamodzi kapena kawiri. Si phala ili. Kukhutchumula ndi kuika mu blender ndiye musayese n'komwe, ngakhale mutaona a kubala akukhutchumula zakumwa zina. Iwo amakhutchumula zopanda gasi, za gasi amathira pomaliza.

Chakumwa chasukuluka

Pano ndikufuna nditsutse chizolowezi chimene chili ponseponse. Anthu akaona kuti chakumwa chikusukuluka, amachepetsa ayisi, kuika tizidutswa tiwiri tokha. Zimenezi zimakulitsa vutolo. Tizidutswa tiwiri sitingathe kuziziritsa tambula yonse, ndiye timangosungunuka tonse, chakumwa n'kukhala chamadzimadzi komanso chofunda. Tambula yodzaza ayisi imazizira msanga, ndipo ikangozizira ayisi wotsalayo amasungunuka pang'onopang'ono. Dzazani mpaka pamwamba, ndi zidutswa zikuluzikulu. Chidutswa chachikulu chimachedwa kusungunuka kuposa ting'onoting'ono tambiri tolemera mofanana.

Ayisi amene wakhala m'mbale akudikira alendo amakhala atanyowa kale. Muzikhetsa madzi ake musanaike m'matambula. Magetsi akazima, musamatsegule firiza pafupipafupi. Ngati mukudziwa kuti tsiku laphwando magetsi akhoza kuvuta, undanitsani madzi m'mabotolo apulasitiki masiku awiri zisanachitike, osadzaza mpaka pakamwa chifukwa madzi amafufuma akaundana, ndipo muwaike mu cooler box kuti azisunga ayisi wa m'matambula.

Nthawi zina chakumwa chimamveka kafungo kachilendo pamene grenadine ndi ginger ale zili bwinobwino. Lawani ayisi payekha. Ayisi amakoka fungo la zimene zili mufiriza, ndipo ngati wagona pafupi ndi chambo kapena nyama yosakulunga, chakumwa chonse chinunkha zomwezo. Akangoundana muchotseni m'thireyi n'kumusunga m'pepala lapulasitiki lomanga bwino kapena m'kontena yotseka.

Pa nkhani ya ayisi pali china chimene sindingachilumphe. Kuundana sikupha tizilombo tonse toyambitsa matenda otsegula m'mimba. Amene tinaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 tikudziwa mmene madzi angavulazire anthu. Ayisi wolowa m'tambula akhale wa madzi owiritsa kapena othira mankhwala monga WaterGuard. Ine ndimakonda owiritsa, chifukwa kolorini amamveka m'chakumwa. Zibuluma za ayisi zogula zimene simukudziwa madzi ake n'zoziziritsira mabotolo m'ndowa, si zomwa.

Kutsekemera mpaka kukola

Shirley Temple mwiniwake atakula ananena poyera kuti chakumwachi sankachikonda chifukwa chinali chotsekemera kwambiri. Mu 1988 anapitanso kukhoti kukaletsa makampani amene ankafuna kugulitsa chakumwa cha m'mabotolo m'dzina lake. Ndiye ngati nanu mukuona kuti chikukola, vuto si lilime lanu.

Tiyeni tiwerengere. Zakumwa zambiri za gasi zimakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 10 pa mamililita 100 aliwonse, ngakhale zina masiku ano anazichepetsa, ndipo pa botolo amalemba. Mamililita 180 ndiye kuti magalamu 18. Supuni yaikulu ya grenadine wogula imaonjezera pafupifupi magalamu 10. Ndi tcheri yomwe, tambula imodzi ikufika pafupifupi magalamu 30, amene ndi masupuni ang'onoang'ono 7 a shuga. Ambiri sayeza, amangopendeketsa botolo la grenadine mpaka mtundu uwasangalatse, ndipo pamenepo amakhala athira masupuni awiri kapena atatu. Bungwe la World Health Organization mu 2015 linalangiza kuti shuga wotere asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku. Kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, kwa mwana n'zocheperapo. Matambula awiri okha mwana wadutsa kale muyezo wa munthu wamkulu.

Chokonzera kutsekemera ndi chowawasa, osati madzi. Madzi amangosukulutsa, kutsekemera kumatsala koma kukoma kwapita. Finyani ndimu weniweni, sefani njere ndi zamkati zake chifukwa nazo zimadzutsa thovu, n'kuthira masupuni ang'onoang'ono awiri kapena atatu. Maphikidwe ambiri akale satchula mandimu, koma kwa ine Shirley Temple wopanda mandimu ndi wosamaliza. Mandimu a m'botolo amagwira ntchito pamene palibe china, koma amamveka kafungo ka mankhwala osungira.

Kuzizira nakonso kumakhudza nkhaniyi. Lilime limamva shuga kwambiri chakumwa chikafunda, ndipo gasi ali ndi kakuluma kake kamene kamachepetsa kutsekemera. N'chifukwa chake tambula imene inali bwino poyamba imakola pomaliza. Nthawi zina mukangokonza vuto la gasi, la shuga limachepa lokha.

Ngati chikadali chotsekemera, gawani pakati: theka ginger ale, theka soda water. Shuga atsika kufika pafupifupi magalamu 20, gasi achuluka. Chenjerani pano. Soda water ndi madzi a gasi a m'botolo, si soda wophikira therere uja. Ena amayesa kusakaniza soda wophikira ndi mandimu kuti apange gasi. Zimachitadi thovu kwa kanthawi, koma chakumwacho chimamveka mchere ndi sopo, ndipo mtundu wofiira umathimbirira. Musasokonezenso soda water ndi tonic water, amene ali ndi shuga wake komanso amawawa.

Ginger ale ndi ginger beer n'zosiyana. Ginger ale, monga wa Schweppes kapena Canada Dry, jinja wake amamveka patali. Ginger beer, monga Stoney, amaluma pakhosi ndipo amaphimba grenadine. Akuluakulu ambiri amakonda wa Stoney, ana ang'ono ambiri amakana. Ngati ndi yekhayo amene alipo, msakanizeni ndi Sprite kapena soda water.

Grenadine: kumira, kusowa, kuwawa, kusasa

Grenadine ndi wolemera kuposa chakumwa cha gasi chifukwa cha shuga wake, choncho amamira. Ndi zimene zimapereka maonekedwe aja a pazithunzi, kufiira pansi kuyera pamwamba. Koma womwera sitiroo amayamba ndi manyuchi okhaokha, wopanda sitiroo amamwa ginger ale wamba n'kukapeza manyuchi kumapeto. Kenako wina amatakasa mwamphamvu kuti zisakanikirane, gasi n'kuthera pomwepo.

Njira imene ndimalimbikitsa ndi iyi. Yambani ndi grenadine ndi mandimu m'tambula yopanda kanthu. Thirani ginger ale pang'ono, wongokwana masupuni awiri kapena atatu, takasani mpaka manyuchiwo apyapyale. Ikani ayisi, kenako thirani ginger ale wotsalayo m'mbali. Kuthirako kumasakaniza kokha, supuni ingokweza kamodzi. Ngati maonekedwe aja mukuwafunabe, sungani supuni yaing'ono imodzi ya grenadine n'kuidontheza m'mbali mwa tambula pomaliza.

Grenadine weniweni amapangidwa ndi madzi a makangaza ndi shuga, ndipo amatsekemera mowawasira. Wambiri wa m'masitolo masiku ano ndi manyuchi a shuga kapena a chimanga, asidi, zonunkhiritsa ndi utoto wofiira. Werengani kuseri kwa botolo. Ngati makangaza sakutchulidwa, yembekezerani mtundu wowala koma kukoma kochepa, ndipo mandimu muonjezere.

Kwathu kuno grenadine amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'mizinda mokha, ndipo si nthawi zonse. Koma makangaza amabereka m'mayadi a anthu, ndipo kupanga nokha si kovuta. Makangaza akuluakulu awiri kapena atatu amatulutsa kapu imodzi ya madzi. Dulani, viikani m'beseni la madzi oyera n'kumayoyola njere muli m'madzimo. Njere zimamira, zoyera za mkati mwa chipatsocho zimayandama, muziyoole n'kutaya. Ikani njere m'pepala lapulasitiki lolimba, kanikizani ndi botolo kapena mpini wa mthiko, sefani. Valani chovala chakale, madzi ake sachoka pansalu. Sakanizani kapu imodzi ya madziwo ndi kapu imodzi ya shuga, tenthetsani pamoto wochepa mukutakasa mpaka shuga asungunuke, phulani, onjezerani supuni yaing'ono ya mandimu.

Ngati grenadine wanu akuwawa kapena akumanga m'kamwa, ndiye kuti zoyera zija kapena khoko zinalowa, kapena munaphwanya timbewu ta mkati pogaya. Blender imachita zimenezi ikazungulira nthawi yaitali. Ngati wada n'kukhala wabulauni, akumveka ngati jamu wopserera, munamuwiritsa. Sayenera kubwata. Pambaula ya makala, dikirani moto uzilale kaye. Ngati wathimbirira kapena akumveka chitsulo, yang'anani poto. Zowawasa zimadya mapoto a aluminiyamu ndi achitsulo wamba. Gwiritsani ntchito poto wa stainless steel kapena wa enamelo wosasupuka. Makangaza ena njere zake n'zotuwa ndipo manyuchi ake amatuluka apinki. Kukoma kuli bwinobwino, ndipo mtunduwo mungaukonze ndi chidede.

Chidede pachokha chimathanso kulowa m'malo mwa makangaza. Ndi chomera chomwechi chimene ku Senegal amapangira bissap, ku Nigeria zobo, ku Ghana sobolo. Tengani chidede chouma chodzaza manja awiri, tsukani kuchotsa mchenga, thirani madzi owira okwana theka la lita, vindikirani mphindi 15, sefani ndi nsalu yoyera. Yezani madzi ofiirawo, thirani shuga wofanana nawo muyezo, takasani adakali otentha. Mukachisiya nthawi yaitali m'madzi kapena kuchiwiritsa chimayamba kuwawa. Si grenadine, ndipo amene anazolowera wa makangaza azindikira, koma mtundu wake ndi wokongola kuposa wa utoto ndipo chimagwirizana bwino ndi jinja. Popeza chidede n'chowawasa kale, chepetsani mandimu. Mtundu wa chidede ndi wa makangaza umafiira bwino m'zowawasa, ukakumana ndi soda wophikira umasanduka wobiriwira mothimbirira. Manyuchi anu akayamba kuoneka papo, madontho a mandimu amabwezeretsa kufiira.

Sikwashi wofiira, monga Mazoe wa raspberry amene anzathu a ku Zimbabwe amamudziwa bwino, amathandiza pamene mulibe china. Muthireni osasungunula ndi madzi.

Manyuchi opanga nokha alibe mankhwala osungira. Athireni m'botolo lagalasi limene mwaliwiritsa n'kuliumitsa, tsekani, sungani mufiriji, ndipo muwamalize pasanathe milungu itatu. Mukaona tithovu mkati, chivindikiro chikulira potsegula, kapena fungo ngati la thobwa wogonera, ndiye kuti ayamba kusasa. Kusasako n'kumene kumapanga mowa, choncho si oyeneranso chakumwa cha ana. Mukaona chuku pamwamba tayani onse, osangoyoola pamwambapo. Kumene magetsi amazimazima, pangani ochepa okwana sabata imodzi, kapena athireni m'thireyi ya ayisi aundane, muzisungunula kachidutswa kamodzi pa tambula. Shuga akaundana pansi pa botolo ngati mchenga, liviikeni m'madzi ofunda abwerera.

Mowa wolowa mosadziwa, ndi za ana ang'ono

Chakumwachi chimaperekedwa kwa ana, amayi oyembekezera, Asilamu, anthu a mipingo yosamwa, ndi amene anasiya mowa movutikira. Anthu amenewa akulandira tambulayo chifukwa akukukhulupirirani, choncho malo amene mowa umalowera muwadziwe.

Oyamba ndi bitters, madzi owawa amene amadonthezera m'zakumwa kuti zikome. Kum'mwera kwa Africa kuno timadziwa rock shandy ndi Malawi shandy, zimene zimatchuka kwambiri m'malesitilanti a ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, ndipo ambiri amaziwerengera ngati zopanda mowa. Koma zimathiridwa Angostura bitters, amene ali ndi mowa wa 44.7 peresenti. Madontho ochepa m'tambula yaikulu saledzeretsa munthu, koma mowa ulimo, ndipo pali anthu amene kwa iwo ngakhale dontho n'lochuluka. Wina akakuuzani kuti mudonthezere bitters mu Shirley Temple pochepetsa kutsekemera, dziwani zimenezi. Mandimu amagwira ntchito yomweyo. Achiwiri ndi grenadine amene. Mitundu ina imakhala ndi mowa pang'ono, makamaka yogulitsidwa pamodzi ndi zakumwa zaukali. Achitatu ndi matcheri. Ofiira owala a m'botolo, otchedwa maraschino, nthawi zambiri alibe mowa, koma alipo ena oviikidwa mu brandy kapena mowa wina. Zonsezi zimalembedwa pa botolo.

Matcheri ofiira aja amayamba aviikidwa m'madzi a mankhwala a sulphur dioxide amene amawachotsa mtundu, kenako amawanyika mu shuga ndi utoto. Anthu ena a mphumu sayanjana ndi zotsalira za mankhwalawa. Utoto umene umapezeka kawirikawiri m'matcheriwa ndi mu grenadine wogula ndi Allura Red, wolembedwa E129 kapena Red 40. Amene muli ku Britain mwina munaonapo kuti zakudya zokhala ndi utotowu zimalembedwa chenjezo lakuti ukhoza kusokoneza kukhazikika kwa ana. Kholo limene likufuna kuupewa lingagwiritse ntchito manyuchi a makangaza kapena a chidede, ndipo pamwamba liike kagawo ka lalanje, sitiroberi, kapena njere zochepa za makangaza. Tcheri yathunthu ikhoza kutsamwitsa mwana wosakwana zaka 5. Iduleni panayi kapena musaike. Ayisi naye mwana wotere asamupatse woti aziyamwa.

Pamene alendo ndi ambiri

Pa chinkhoswe, pa phwando la tsiku lobadwa kapena pa Khirisimasi, chiyeso chimakhala chosakaniza zonse m'ndowa kapena m'jagi yaikulu m'mawa kuti ntchito ichepe. Jagi ili ndi kamwa lalikulu, gasi amathawira pamenepo, ndipo chakumwa chimathiridwa kawiri, m'jagi kenako m'tambula, n'kutaya gasi kawiri konse. Pofika nthawi ya chakudya chimakhala chitaphwa.

Chimene mungasakanizire pasadakhale ndi grenadine ndi mandimu basi. Pa anthu 20 sakanizani mamililita 300 a grenadine ndi mamililita 200 a madzi a mandimu osefa, ikani m'botolo, sungani pozizira. Ginger ale afunika pafupifupi malita atatu ndi theka, ndipo ngati matambula ndi a mamililita 300 konzekerani ayisi wosachepera makilogalamu atatu wa m'matambula, kuphatikiza wina wa m'ndowa yoziziritsira mabotolo. Nthawi ikakwana ndandalikani matambula asanu kapena asanu ndi imodzi pa thireyi, thirani mamililita 25 a chosakaniza chija m'tambula iliyonse, ginger ale pang'ono, takasani, ayisi, kenako tsegulani botolo latsopano n'kudzaza. Thireyiyo inyamuke pompo, isadikire inzake. Ndi bwino anthu awiri agawane ntchitoyi, wina wothira wina woperekera, ndipo mabotolo osatsegula akhale m'ndowa ya ayisi pamthunzi mpaka nthawi yawo itakwana. Ngati mukugwiritsa ntchito makapu apulasitiki otaya, atsukuluzeni kaye ndi madzi oyera ozizira, chifukwa amabwera ndi kafumbi ka m'paketi kamene kamadzutsa thovu.